Kodi Mwana Angadziphunzitse Yekha Chinenero pa Lamya?

Chaka chatha, nthawi ya manachesi, anandipeza pakhomo mai wina wochokera kumapiri kwathu kuno ku Neno. Anali atagulitsa madengu ake onse, ndipo ndalama anali atazimanga pansonga ya chitenje. Titapatsana moni ndi kufunsana za kumudzi, anayamba kulongosola chimene anadzera.

"Aphunzitsi, ndabwera kuti mundithandize maganizo. Mwana wanu uja munamphunzitsa mu Sitandade 6 analemba mayeso a Fomu 4. Maphunziro ena onse anakhoza, koma Chingerezi chinamgwetsa. Tsono akuti ndimgulire lamya ya m'manja, ija anyamata amati ya tachi, kuti azidziphunzitsa yekha kufikira adzalembenso. Ine sukulu sindinapite nayo patali. Kodi zimenezi n'zoona, kapena mwanayu wangofuna choseweretsa?"

Sindinawayankhe tsiku lomwelo, pakuti ine mwini ndinali ndi mitima iwiri. Pa zaka zoposa 30 zimene ndagwira choko ndaona ana ambiri akuonongeka ndi zinthu zimene makolo ao anawagulira ndi mtima wabwino, ndipo lamya ndinali kuiwerengera m'gulu lomwelo. Koma ndinadziwanso kuti mtsikanayo si wabodza. Ndinapempha milungu iwiri kuti ndifufuze, ndipo zimene ndinapeza ndizo ndifuna kugawana nanu, owerenga okondedwa, popeza funso la mai ameneyu liri m'nyumba zambiri.

Chimene chiri pachiswe

Mwana wa m'Malawi amaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 kufikira Sitandade 4, Chingerezi chiri phunziro limodzi chabe pakati pa maphunziro ena. Akangolowa Sitandade 5 zinthu zimatembenuka. Masamu, sayansi, zaulimi, zonse zimadza m'Chingerezi, ndipo mayeso a Sitandade 8 amafunsidwa m'chinenero chomwecho, kupatula phunziro la Chichewa. Pa mayeso a Fomu 4 lamulo n'lakuti munthu akhoze maphunziro 6, ndipo limodzi mwa iwo likhale Chingerezi. Akachilephera, ngakhale akhale katswiri wa masamu wosafuna kuwerenga zala, satifiketi palibe.

Mwana wa mu mzinda wa Blantyre amachimva Chingerezi m'sitolo, m'basi ndi pa kanema wa m'nyumba mwao. Koma mwana wa kwa Dambe, kwa Mlauli, kwa Chekucheku kapena kwa Saimoni amachimva pakamwa pa mphunzitsi yekha, m'kalasi lodzaza, ndipo belu likalira amachisiya pomwepo monga timasiyira choko pa bolodi. Sikuti mutu wake ndi wouma kuposa wa mnzake wa m'tauni ai. Khutu lake ndilo limagona ndi njala.

Komanso si Chingerezi chokha chimene ana athu akuchifuna. Boma lathu lino, limene linapatuka ku Mwanza mu 2003, lagundana ndi dziko la Mozambique, ndipo amene amachita malonda kutsidyako, kapena amene amadutsa pa chipata cha Mwanza kulowa ku Zóbuè ndi ku Tete, amadziwa kuti ngakhale anthu a m'malire ayankhula Chichewa chathu chomwechi, mapepala ndi maofesi ao ndi a Chipwitikizi. Tinachimva chinenero chimenechi kwa abale athu othawa nkhondo amene anakhala ku Luwani, msasa umene unatsekedwa mu 2007 ndi kutsegulidwanso mu 2016. Tinachimvanso pamene kampani ya Vale ya ku Brazil inali kumanga njanji yonyamula malasha a ku Moatize, imene imadutsa m'boma lathu kupita ku Nkaya. Ndipo anyamata amene akwera basi kunka ku Joni amakapeza kuti wosadziwa Chizulu sachedwa kuzindikirika kuti ndi mlendo, chinthu chimene nthawi zina chimaika moyo pangozi.

Si zachilendo

Achinyamata amayesa kuti kudziphunzitsa wekha kunayamba ndi intaneti. Tiyeni tiwakumbutse. Agogo athu amene anapita ku migodi ndi Wenela, imene pambuyo pake tinkaitcha Theba, ankaphunzitsidwa Fanakalo masiku ochepa kuti azimva malamulo a kapitao. Koma Chizulu ndi Chisutu anazitola okha m'makomboni, monganso anzao amene anapita ku Harare anatolera Chishona. Analibe buku ngakhale mphunzitsi. Anali ndi khutu, njala ya m'mimba, ndi anthu oyankhula nao usana ndi usiku.

Mu 1965 boma linatsegula sukulu yophunzitsa m'makalata, Malawi Correspondence College, kaamba ka ana ambiri amene ankakhoza mayeso a pulaimale koma osapeza malo ku sekondale. Mu 1973 sukuluyi inalumikizidwa ndi nthambi youlutsa maphunziro pa wailesi, ndipo mu 1987 inatchedwa Malawi College of Distance Education. Timalo tambiri timene ophunzira ake ankakumanirako tinasanduka masukulu a sekondale oyendera mu 1998. Anzanga a msinkhu wanga akukumbukira maseti aja, mapepala a maphunziro amene munthu ankawerenga yekha pa nyali ya koloboyi, n'kuyankha mafunso, n'kudikira milungu kuti aone pamene cholembera chofiira chadutsa. Aphunzitsi, akalaliki ndi anamwino ambiri a dziko lino anatulukira pa khomo limeneli. Koma tisabise, ambirinso analekera panjira, ndipo maseti ao anathera kukulungira fodya ndi usipa.

Wailesi nayo inali mphunzitsi wa zinenero kale lomwe. Wailesi ya BBC inayamba kuphunzitsa Chingerezi mu 1943, ndipo ya Voice of America inayamba mu 1959 kuwerenga nkhani pang'onopang'ono ndi mau osankhidwa okwana ngati 1,500, kuti wophunzira asatayike. Ndipo pali William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene analeka sukulu chifukwa cha kusowa fizi pa njala ya 2002. Iye ankapita ku kanyumba ka mabuku pa sukulu ya pulaimale ya kwao, ndipo pokhala Chingerezi chake chinali chochepa, ankayamba kuyang'ana chithunzi, n'kufufuza m'ndime mau amene akulongosola chithunzicho. Umu ndi m'mene anamangira makina ake opanga magetsi ndi mphepo, ndipo Chingerezi chinakula naye m'njira. Taonani kuti iye sanakhale pansi n'kunena kuti ndiphunzire Chingerezi. Anali ndi chinthu chimene anachifuna ndi mtima wonse, ndipo Chingerezi chinali mlatho wokafikira kumeneko.

Muli chiyani m'lamyamo?

Pa milungu iwiri ija ndinabwereka lamya ya mphwanga, ndipo ndinakhala ngati mwana wa Sitandade 1, iye ali mphunzitsi. Kunena zoona ndinazizwa. Zimene kale tinkadikira pa wailesi pa ola lake, kuopa kuti zikadutsa zadutsa, tsopano munthu amazitsegula nthawi imene wafuna, n'kuzibwereza kakhumi. A BBC ali ndi pulogalamu ya mphindi 6 imene anthu awiri amakambirana nkhani imodzi, mau ake onse atalembedwa kuti uzimva ukuwerenga. Pa YouTube pali aphunzitsi osawerengeka a Chingerezi, Chipwitikizi, Chizulu ndi Chiswahili. Buku lotanthauzira mau a Chichewa ndi Chingerezi la Steven Paas, limene a Oxford anasindikiza mu 2016, likupezekanso pa intaneti. Amene amakonda kuwerenga Baibulo angathe kutsegula chaputala chimodzi m'zinenero ziwiri n'kumafanizira vesi ndi vesi, njira imene makolo athu ankaitsata ndi mabuku awiri pa miyendo.

Koma si zonse zimene zinakonzedwera ife. Pali pulogalamu yotchuka dziko lonse yotchedwa Duolingo, imene inayambidwa ndi Luis von Ahn wa ku Guatemala ndi mnzake Severin Hacker. Imaphunzitsa ngati masewera, ndipo ana amaikonda. Chiswahili inayamba kuphunzitsa mu 2017 ndi Chizulu mu 2022, koma Chichewa mulibe, kotero kuti mwana wathu sangalowe nayo kudzera pa chinenero cha mai wake. Chipwitikizi chake ndi cha ku Brazil, chimene katchulidwe kake ndi mau ena zimasiyana ndi cha ku Tete, ngakhale kuti kumvana amamvana. Google Translate inalandira Chichewa mu Disembala 2014, ndipo imathandiza pa mau amodziamodzi ndi ziganizo zowongoka. Koma ipatseni mwambi kapena chining'a, mudzaseka mpaka nthiti kuwawa.

Kuyambira kumapeto kwa 2022 kwadzanso mapulogalamu onga ChatGPT, amene munthu amacheza nao ngati akucheza ndi munthu mnzake. Ukalemba kalata ya Chingerezi amatha kukuonetsa pamene walakwitsa ndi kufotokoza chifukwa chake, ntchito imene ine sindingathe kumchitira mwana aliyense m'kalasi langa tsiku ndi tsiku. Koma nthawi zina amanena zosaona molimba mtima, ndipo mwana waulesi amangowauza kuti amlembere chimangirizo chonse. Wotere ali ngati munthu wotuma mnzake kuti akamdyere nsima. Tsiku la mayeso lamya imatsala kunja.

Oyamba ndi ambiri, omaliza ndi owerengeka

Pamene ndinali kukondwera ndi zonsezi ndinakumana ndi nkhani imene inandibweza m'mbuyo. Mu 2019 akatswiri awiri, Justin Reich ndi José Ruipérez-Valiente, anafalitsa kafukufuku wa maphunziro a pa intaneti amene masukulu aakulu a ku America, Harvard ndi MIT, ankapereka kwa aliyense wofuna. Anapeza kuti m'chaka cha 2017 mpaka 2018, mwa anthu 100 alionse amene analembetsa, atatu okha ndiwo anafika kumapeto. Ambiri mwa anthuwa anali ophunzira kale, a m'maiko a magetsi osazima ndi intaneti yosadukiza. Ngati mitengo yaiwisi ipsa chotero, nanga youma?

Ifenso tinalawako. Masukulu atatsekedwa pa 23 Marichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, maphunziro anaikidwa pa wailesi ndi pa intaneti. Ana atabwerera patapita miyezi, mphunzitsi aliyense anaona yekha kuti amene anatsata maphunzirowo mokhulupirika anali ochepa, ndipo ena anaiwala ngakhale zimene ankadziwa.

Chifukwa chake n'chosabisika. Sukulu si mabuku ndi mphunzitsi zokha. Sukulu ndi belu limene limakudzutsa, kaundula amene amaitana dzina lako, mnzako amene akufunsa chifukwa chimene unajombera dzulo, ndi mayeso a pa teremu amene amakuonetsa pamene waima. Lamya imakupatsa mabuku ndi mphunzitsi, koma belu, kaundula ndi mnzako iribe. Mu 1981 Henri Holec, wophunzitsa zinenero ku Nancy m'dziko la France, analongosola kuti wophunzira woima payekha ndi amene amatha kusenza yekha udindo wa maphunziro ake, ndiko kuti kusankha cholinga, zipangizo, nthawi ndi njira, ndi kudziyesa yekha ngati akupita patsogolo. Iye anaonanso kuti munthu sabadwa nalo luso limeneli, koma amachita kuliphunzira. Apa ndi pamene ife aphunzitsi tiyenera kugwira pakamwa, pakuti zaka 12 timamzoloweza mwana kukopera zimene talemba pa bolodi, kenaka n'kudabwa kuti payekha sakudziwa poyambira.

Munda ndi dimba

Akatswiri a zamaphunziro masiku ano amakamba za malo ophunzirira amene munthu amadzikonzera yekha, kusonkhanitsa zipangizo, mabuku ndi anthu omuthandiza monga mwa kusowa kwake. Ine nditamva zimenezi ndinaganiza za munda ndi dimba. Munda wa chimanga umadalira mvula. Ikagwa, mudzi wonse umadzala pamodzi, kupalira pamodzi ndi kukolola pamodzi, ndipo ngakhale mlesi amakokedwa ndi manyazi. Sukulu iri chomwecho. Dimba ndi lina. Mwini amasankha yekha malo m'mbali mwa Lisungwi kapena Wamkulumadzi, amanga mpanda, asankha mbeu, ndipo palibe mtambo umene udzamthiririre. Akagona masiku atatu, mpiru wafota. Wodziphunzitsa chinenero pa lamya ndi mlimi wa dimba, ndipo mbuzi zake ndi Facebook, TikTok ndi zigoli za mpira wa ku England, zimene zimalowera pa chipata chomwecho chimene maphunziro amalowera.

Poyamba adziwe chimene akulima. Wofuna kukhoza mayeso a Fomu 4 asataye miyezi pa masewera a moni ndi maina a zipatso. Afune mapepala a mayeso akale, mabuku a nkhani amene ali pa silabasi, ndi kulemba chimangirizo mlungu uliwonse. Wofuna kukagula katundu ku Tete ayambe ndi manambala, mitengo, ndi mau a pa chipata. Akatero asankhe nthawi imodzi yosasintha, ngakhale theka la ola, ndi malo amodzi, kaya ndi pakhonde m'mamawa anthu asanadzuke. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Koma chimene ndifuna kukhalitsapo ndi mau, pakuti apa ndi pamene ana ambiri amatayira mtima, poona buku lotanthauzira mau lonenepa ngati njerwa. Mu 1953 Michael West anasindikiza mndandanda wa mau a Chingerezi okwana ngati 2,000 amene amabwerabwera kwambiri, ndipo kafukufuku wa pambuyo pake, monga wa Paul Nation wa ku New Zealand, anaonetsa kuti mau ochepa otere amadzaza pafupifupi magawo 80 pa 100 a zolembedwa wamba. Mau 2,000 si phiri. Wophunzira mau 6 pa tsiku angawamalize chaka chisanathe. Akatswiri omwewo amati kuti munthu awerenge momasuka popanda thandizo, ayenera kudziwa mau ngati 98 pa mau 100 alionse a pa tsambalo. Tanthauzo lake n'lakuti mwana amene akulimbana ndi nkhani imene mzere uliwonse uli ndi mau atatu achilendo sakuphunzira, akungodzizunza. Atsike, afune nkhani yofewa, ngakhale ya ana aang'ono, awerenge zambiri, ndipo adzakwera yekha.

Vuto lina ndi kuiwala. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anadziyesa yekha, ndipo mu 1885 anaonetsa kuti zambiri zimene taloweza zimatayika m'maola ndi masiku oyambirira, koma tikazibwereza patapita nthawi zimakhazikika, ndipo mpata wobwerezera ungamatalike. Mu 1972 mtolankhani Sebastian Leitner anasandutsa nzeru imeneyi kukhala bokosi la makadi la zigawo zingapo. Lero ilipo pulogalamu ya m'lamya yotchedwa Anki imene imachita ntchito yomweyo, koma ife mabokosi atatu a machesi atikwanira, ndipo safuna kutchaja. Dulani timapepala ta m'kope lakale. Mbali imodzi lembani liu la Chingerezi liri m'kachiganizo kakafupi, mbali ina tanthauzo lake m'Chichewa. Kapepala katsopano kalowe m'bokosi loyamba, limene litsegulidwa tsiku ndi tsiku. Mukakhoza, kasamukire m'bokosi lachiwiri, lotsegula pakapita masiku atatu. Mukakhozanso, kapite m'lachitatu, la Loweruka lokha. Koma mukalephera, kaya kanali patali chotani, kabwerere m'bokosi loyamba. Motero mau ovuta mumakumana nao kawirikawiri, ndipo osavuta sakudyerani nthawi. Ndinaiyesa njirayi pa ine mwini ndi mau a Chipwitikizi, ndipo ngakhale mutu wa zaka zanga wayamba kudontha ngati denga la udzu wakale, ambiri anakhalamo.

Chotsala, ndipo ndicho chachikulu, ndi anthu. Chinenero chimakhala pakamwa. David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre, amene anasindikiza buku lake lalikulu la mau a Chimang'anja mu 1892, sanapeze mau amenewo m'buku lina. Anakhala pansi ndi eni chinenero, kumvetsera ndi kufunsa. Ngakhale alendo amene akhala akudza kudzagwira ntchito ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo chiyambire 2007, amene mwa iwo agwira Chichewa ndi aja osaopa kuchiphwanya pamsika ife tikumwetulira. Mwana amene amangomvetsera m'mahedifoni chaka chonse adzamva zambiri, koma tsiku lomufunsa mafunso a ntchito lilime lidzauma. Apeze anzake awiri kapena atatu a cholinga chimodzi, azikumana kawiri pa mlungu, ndipo pa ola limenelo Chichewa chiziyamba chapuma. Azitumiza uthenga wa mau pa WhatsApp kwa msuweni wake wa ku Blantyre kapena malume ake a ku Joni, n'kupempha kuti amkonze. Ndipo m'midzi mwathu muli aphunzitsi opuma ntchito amene akungokhala ndi Chingerezi chao chabwino cha kale chija, amene angakondwe kuona chimangirizo cha mwana kamodzi pa mlungu. Safunsa anadya phula.

Pano ndiloleni ndidzudzule ife akuluakulu. Mwana akayesa kuyankhula Chingerezi pakhomo, n'kupunthwa, timaseka, ena n'kumati wayamba kudzimva uzungu. Mwanayo satsegulanso pakamwa. Ndaona ana ambiri amene analephera Chingerezi osati chifukwa chosowa buku, koma chifukwa cha phwete la m'bale wao. Komanso tisamlole mwana kuyesa kuti kudziwa chinenero china ndiko kunyoza chake. M'kalasi mwanga, amene amawerenga Chichewa mosadodoma ndi omwewo amene sachedwa kugwira Chingerezi.

Za ndalama ndi za pakhomo

Lamya imadya. Makanema amatha bandulo ngati moto pa udzu wouma, pamene mau okha ndi zolembedwa zimadya pang'ono. Kumapiri kwathu netiweki ya Airtel kapena TNM imapezeka pena ndi pena, ndipo aliyense amadziwa chulu kapena mtengo umene amakaimirirapo. Nzeru ndi kukopera maphunziro a mlungu wonse tsiku limene munthu wapita pa boma kapena pa Zalewa, n'kumakawamvetsera kunyumba popanda kulipiranso. Ndipotu kumva phunziro limodzi kasanu kumapindulitsa kuposa kumva maphunziro asanu kamodzikamodzi. Magetsi nawo ndi nkhani. Ngakhale kuti makina a pa Nkula akuzungulira pamphuno pathu pa Shire, nyumba zambiri za m'midzi zimatchajira pa kasola kapena kulipira pa golosale. Boma linayamba mu 2023 kupereka matabuleti otchajira dzuwa m'masukulu 500 oyamba a pulaimale, kuti ana a makalasi aang'ono aziphunzirirapo kuwerenga ndi masamu. Ana amenewo adzakula atazolowera kuphunzira pa galasi, koma amene anamaliza kale Fomu 4 ayenera kudzionera okha.

Mantha a makolo pa mwana wamkazi si opanda pake. Lamya imalowetsa m'nyumba anthu amene pakhomo sitikadawalola kukhala pa mpando. Koma yankho si kugulira mnyamata yekha ndi kumana mlongo wake, monga ndaonera m'mabanja ena. Pakhale pangano loyambirira lakuti lamyayo ndi ya banja, iribe chinsinsi kwa makolo, ndipo usiku imagona kuchipinda kwa mai.

Milungu iwiri itatha ndinakwera phiri kukawapeza mai aja, mwana wao ali pomwepo. Ndinati, "Mai, mwanayu sananame. Zimene akunena zirimodi m'lamyamo. Koma ndalama zanu musamasule lero. Mgulireni kope limodzi, ndipo musonkhanitse mabokosi atatu a machesi. Ine ndimbwereka mabuku awiri a nkhani zofewa. Kwa mwezi umodzi azidzuka m'mawa kuwerenga, azimvera nkhani za Chingerezi pa wailesi yanuyi, ndipo Lachisanu lirilonse azinditumizira chimangirizo. Akaupirira mwezi umenewu popanda womukankha, mugule lamyayo, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito. Akalephera, dziwani kuti lamya siidzasintha kanthu." Mtsikanayo nkhope inagwa, ndipo ndikhulupirira kuti tsiku limenelo sanandikonde.

Zimangirizo zinabwera zitatu m'malo mwa zinai, pakuti mlungu wina kunali maliro. Lamya inagulidwa. Sindinganene kuti zonse zayenda myaa. Panali mwezi wina umene mbuzi zija zinathyola mpanda, ndipo mai ake anaitsekera lamyayo m'sutikesi masiku khumi. Gulu lake la anthu anai latsala ndi awiri, popeza wina anakwatiwa ndipo wina anapita ku Joni. Zimangirizo zake zikadali ndi matenda a nthawi za aneni, ngakhale kuti tsopano cholembera changa chofiira chimadutsa mizere isanu osaima. Mayeso adzalembanso chaka chino.

Loweruka lina posachedwapa ndinadutsa pakhomopo ndipo ndinawapeza atakhala pamphasa. Mai ndiwo anali kutola timapepala n'kumawerenga mbali ya Chichewa, mwana wao n'kumayankha m'Chingerezi, ndipo mlongo wake wamng'ono wa mu Sitandade 7 ndiye ankatembenuza kapepala kuona ngati wakhoza. Bokosi lachitatu la machesi linaleka kale kutsekeka, ndipo m'malo mwake anaikapo chitini cha mkaka.